Aepyornis: dzinali tiligawe pati?

Mphunzitsi wina wandilembera imelo. Akuti pophunzitsa za mbalame zomwe zinatheratu padziko anakumana ndi dzina lakuti Aepyornis, ana n'kuliwerenga kuti "a-e-pyo-ri-ni-si". Akufunsa kuti maphatikizo ake ndi angati, nanga limatchulidwa bwanji.

Aphunzitsi, anawo musawadzudzule. Ife tikaona "pyo" pakamwa pamathamangira ku mawu ngati kupyola, ndipo phatikizo la Chichewa silithera pa lembo lopanda liwu, n'chifukwa chake awonjezera "i" mwina ndi mwina, monga tinawonjezera "u" mu sukulu ndi buku. Koma dzinali si lathu. Ndi mawu awiri a Chigiriki olumikizidwa: aipys, kutanthauza "-talitali", ndi ornis, mbalame. Msoko wake uli pakati pa y ndi o, ndipo mpamene anawo alumpha. Y ameneyu ali ndi liwu lakelake, sali ngati y wa mu "kudya". Choncho maphatikizo ndi anayi: Ae-py-or-nis.

Olankhula Chingerezi amati "ii-pi-OO-nis", mawu akutsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, momwe timachitiranso ife mu "mbaLAme". Otsata Chilatini chakale amayamba ndi "ai". Onse akulondola, ine ndikanaphunzitsa kutchula kwa Chingereziko, poti n'kumene anawo adzamve akapita patsogolo ndi maphunziro.

Dzina la banja lonse ndi Aepyornithidae, maphatikizo asanu ndi limodzi: Ae-py-or-ni-thi-dae. Apa pokha tili ndi mwayi. Th wathu wa mu "thumba" amayandikira kwambiri momwe Agiriki akale ankatchulira lembolo kusiyana ndi th wa Angerezi woluma lilime uja, ndiye musawavutitse anawo kuti asinthe.

Dzinali analipereka ndi Isidore Geoffroy Saint-Hilaire wa ku France mu 1851, ataona mafupa ndi mazira ochokera ku Madagascar. Chimbalamecho sichinkauluka, chinkafika pafupifupi mamita 3 chikaimirira, ndipo dzira lake limodzi munkatha kulowa mazira a nkhuku okwana ngati 150. Zimandiseketsabe kuti kafukufuku wa DNA wa mu 2014 anapeza kuti mbale wake wapafupi si nthiwatiwa ya kuno ku Africa, koma kiwi, kambalame ka msinkhu wa nkhuku ka ku New Zealand.

Pa bolodi lembani Aepy kumanzere, ornis kumanja, kenako muwapatse Dinornis, dzina lomwe Richard Owen anapereka mu 1843 kwa moa, chimbalame chosauluka cha ku New Zealand chomwenso chinatheratu, aone okha ngati angapeze mbalame ija m'katimo.