Mayi wa m'nkhani yanuyo asapepese msanga

Achemwali, mwafunsa kuti mungalembe bwanji nkhani yaifupi ya mayi amene anasiya mwana wake wamkazi kwa agogo n'kupita kukagwira ntchito m'tauni, popanda mayiyo kuoneka wouma mtima kapena mwanayo kuoneka wosayamika. Ine ndikuti musawaweruze mlandu wawo. Aliyense akhale ndi chake chomveka.

Mukaipeza, werengani "I Stand Here Ironing" ya Tillie Olsen wa ku America, yomwe ili m'buku lake la mu 1961. Mayi akusita zovala. Wina wa kusukulu wamupempha kuti apite akakambirane za mwana wake woyamba, Emily, yemwe tsopano ali ndi zaka 19. Pafupifupi nkhani yonse mayi ali pasimbipo, koma zomwe akukumbukira zimalasa mtima.

Naye anali ndi zaka 19 pamene Emily anali khanda, nthawi ya umphawi wadzaoneni wa m'ma 1930. Bambo anathawa khanda lili ndi miyezi 8. Mayi ankalisiya kwa mayi wina wokhala m'chipinda cha pansi m'nyumba yomweyo kuti akasake ntchito, ndipo pobwerako, khanda likangomuona linkalira mosatonthozeka. Kenako anamutumiza kwa achibale a bamboyo. Atadwala chikuku, anamupititsa kunyumba yosungirako ana ofooka, komwe tsiku lowaona makolo ankaima pansi, ana ali pakhonde la pamwamba, n'kumalankhulana mokuwa.

Pomwe pamandigwira kwambiri ndi pa za usiku. Emily akalota zoopsa ankaitana amake, iwo chifukwa chotopa ankangomuyankha ali chigonere kuti agone. Patapita nthawi mayi anayamba kudzuka akangomva mwana akutembenuka, koma apo n'kuti Emily atasiya kuitana. Ankangowauza kuti ali bwino, abwerere akagone. Palibe kutukwanizana, palibe womenyetsa chitseko, koma mkangano wonse uli pamenepo. Ndipo wowerenga sangathe kuloza mayiyo chala, chifukwa waona yekha kuti akanakhala pakhomo kulera, ana akanagona ndi njala.

Mukafuna mbali ya mwana, onani "Girl" ya Jamaica Kincaid wa ku Antigua, ya mu 1978. Ndi malangizo a mayi okhaokha, kachapidwe, kaphikidwe, kayendedwe, mwana n'kungoyankhako kawiri. Chikondi ndi chikayikiro zikutuluka pakamwa pamodzi.

Tsono kwa inu. Nkhani zathu zambiri zimathamangira kuyanjanitsa: mwana wagwada, mayi walira, abusa apemphera, basi zatha. Zimenezo zimapha nkhani, chifukwa bala la zaka khumi silipola tsiku limodzi. Musatiuze kuti mayi akudziimba mlandu, tionetseni. Afike kumudzi pa Khrisimasi ndi diresi lomwe wagula, lipezeke lamuthina mwanayo chifukwa mayi sakudziwa kuti anakula bwanji. Mwana aitane agogo kuti "amayi", koma mayi wakeyo amupatse moni wogwada ngati mlendo. Ndipo mayi amene ankatumiza ndalama ya fizi mwezi ndi mwezi osaphonya ali ndi ufulu wopsa mtima nazo zimenezo, musamulande.

Agogowo musawaiwale. Iwo ndiwo ankamusambitsa mwanayo, ndiwo anamuperekeza kuchipatala, ndiye sangamubweze mwanayo mwaulere. Lembani gawo lomwe atatuwa akudya nsima limodzi, mulitumize muno tiliwerenge musanapitirire.