Yoga ndi kusinkhasinkha m'chisanu cha Mzuzu: yankho kwa achemwali a ku Chibavi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati munayamba yoga (masewera odziwongola thupi ndi kupuma mwadongosolo) ndi kusinkhasinkha (kukhala chete n'kukhazika maganizo pa chinthu chimodzi) mu Epulo, potsatira mavidiyo a pa YouTube a mphindi 45, msana unayamba kumasuka ndipo tulo mumagona bwino, koma chisanu cha Juni chitangofika zonse zinaima. Mwadandaulanso za bandulo imene imatha msanga, komanso za anzanu a kutchalitchi amene akukuyang'anani ndi diso lokayika. Ndiye mukufunsa kuti ena amatha bwanji kuchita zimenezi tsiku ndi tsiku osadukiza.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti mphindi 45 zija muzisiye kaye. Tsikirani pa mphindi 10, zisanu ndi ziwiri zodziwongola, zitatu zokhala chete. Ndikudziwa kuti mtima wanu ukana, muziona ngati mukubwerera m'mbuyo. Koma mayi amene ali ndi ana okonzekera sukulu, phala pamoto, ndi ntchito yomudikira m'tauni, mphindi 45 amazipeza pa tsiku labwino lokha, ndipo masiku abwino pa sabata sachuluka. Mphindi 10 zimapezeka ngakhale tsiku lomwe mwadzuka mochedwa. Chimene mukufuna panopa n'chakuti thupi lizolowere kupita pamphasa lokha osakambirana nalo. Kutalikitsa nthawi kudzabwera pambuyo, ndipo kumabwera mosavuta munthu akazolowera.

Kuzolowerako kumatenga nthawi kuposa mmene anthu amanenera. Wofufuza wina, Phillippa Lally, ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Mwapakatikati, munthu zinkamutengera masiku 66 kuti chinthucho azichichita osaganizira, koma panali kusiyana kwakukulu, kuyambira masiku 18 mpaka 254. Zolimbitsa thupi zinkachedwa kulowerera kuposa zinthu zopepuka monga kumwa madzi. Ndiye inu amene munayamba mu Epulo, chisanu chinakupezani chizolowezi chisanakhwime. Chinanso chimene anapeza, chomwe ine ndimachikonda kwambiri, n'chakuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu. Chimene chimawononga ndi mtima uja woti "ndaphonya kale, ndidzayambiranso Lolemba", Lolembalo n'kusanduka mwezi wamawa.

Musasankhe nthawi ya pa wotchi. Mangirirani yoga yanu ku chinthu chimene mumachita kale m'mawa uliwonse, kugwe mvula kapena kuwale dzuwa. Kwa ambiri a ife kuno chinthu chimenecho ndi madzi osamba. Mukangowatereka, m'malo moimirira pambali n'kumawotha manja, pitani mukayale mphasa. Madziwo akamafika potentha, inu mwamaliza. Ine ndimachita choncho kuno ku Luwinga, ndipo ubwino wake ndi wakuti sindifunika kukumbukira, poto ndiye amandikumbutsa. Mphasayo muziisiya pooneka usiku, yopinda pafupi ndi bedi kapena kuseri kwa chitseko cha pabalaza, osati pamwamba pa wadirobu pomwe mpaka mukwere pampando.

Foni ikhale kutali mpaka mutamaliza. Mukangotsegula WhatsApp kuti "ndingoona kamodzi", mupezamo uthenga wa maliro, wa msonkho wa banki m'khonde, wa aphunzitsi a mwana, ndipo mphindi zija zapita. Apa ndi pomwe nkhani ya bandulo ikutheranso. Simufunika vidiyo yatsopano tsiku lililonse. Sankhani imodzi yaifupi, muione kangapo mpaka muiloweze, kenako jambulani timunthu ta ndodo papepala kusonyeza ndondomeko yake, mumate pakhoma. Magetsi azime, netiweki ivute, pepala lija lilipo. Kubwereza zomwezo tsiku ndi tsiku sikulakwa. N'kumene kumakuthandizani kuzindikira kuti lero chiuno chauma kuposa dzulo, kapena kuti manja ayamba kufika pomwe sankafika.

Tsopano za chisanu, chifukwa ndi chimene chinakugwetsani. Mzinda wathu uli pamwamba, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, kuphatikiza chifunga ndi mvula ija yamawawa. Anthu a m'mavidiyo amavala tizovala topyapyala chifukwa ali m'nyumba zotenthetsedwa. Inu musawatsanzire. Valani juzi, chipewa ndi buluku lotakasuka la pa kaunjika. Simenti yopanda kanthu imayamwa kutentha kwa thupi ndipo imapweteka mawondo, choncho yalani mphasa, pamwamba pake bulangete lakale lopinda pawiri. Kamphasa ka labala kogula sikofunika poyamba. Masokosi muwavale pamene mwakhala kapena mwagona, koma poimirira muwavule, chifukwa amaterera. Ndipo musayambe ndi kukoka minofu yozizira. Pondani pamalo amodzi ngati mukuguba, zunguzani mapewa, tikitani zikhatho mpaka zifunde, kenako muyambe.

Chimodzi chokha ndikuchondererani: musalowetse mbaula m'chipinda chotseka kuti muzichita yoga mukuwotha. Makala amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha, umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo umapha. Munthu amene wagona pansi watseka maso akupuma mozama sangazindikire msanga kuti akufooka. Mbaula ikhale panja kapena kukhitchini kopita mphepo. Ngati m'mawa kukukanikiratu, sunthirani kumadzulo mpaka Ogasiti adutse, mukangofika kuchokera kuntchito, nsima musanadye. Pamimba pokhuta yoga siyenda.

Mphindi zisanu ndi ziwiri zija mukhoza kuzidzaza motere. Gwadani, manja pansi molunjika mapewa, mawondo molunjika chiuno. Pokoka mpweya tsitsani mimba, chifuwa chipite kutsogolo. Potulutsa mpweya kwezani msana m'mwamba, chibwano chiyandikire chifuwa. Chitani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo mumva mafupa a msana akumasuka limodzi limodzi kuyambira m'chiuno. Kenako bwererani m'mbuyo mukhalire zidendene, chipumi chigunde bulangete, manja atambasuke kutsogolo, mupume pamenepo kasanu. Mukatero pondani ndi zala za kumapazi, kwezani chiuno m'mwamba, manja ndi mapazi zili pansi. Zidendene zikakana kufika pansi, zisiyeni, ndipo mawondo apindike pang'ono. Tsikani mugone chafufumimba, zikhatho pansi pa mapewa, dzutsani chifuwa pang'ono chabe ndi mphamvu ya msana, zigongono zisawongoke. Malizani mutagona chagada, mawondo onse mutawakumbatira pachifuwa, kenako muwagwetsere kumanja, mubwerere, muwagwetsere kumanzere. Basi. Muyezo wake ndi mpweya. Mukaona kuti mwaugwira kapena mukuluma mano, mwapitirira, bwererani pang'ono. Kukoka kwa mnofu n'kwabwino, koma ululu wobaya, makamaka m'bondo kapena m'khosi, ndi chizindikiro chosiyira pomwepo.

Kusinkhasinkha ndi komwe anthu ambiri amagwa nako ulesi, chifukwa amaganiza kuti m'mutu muyenera kukhala mopanda kanthu. Sizitheka, ndipo palibe amene amafuna zimenezo kwa inu. Khalani pa bulangete lopinda kapena pampando wamba, mapazi pansi, msana wowongoka koma osauumitsa. Kupinda miyendo ngati a pazithunzi sikofunika. Funditsani mapewa ndi chitenje. Werengani mpweya wotuluka, kuyambira 1 mpaka 10, n'kuyambiranso. Musanafike pa 4 mupeza kuti muli kale pa fizi ya ana, mtengo wa thumba la chimanga, kapena mawu amene apongozi ananena dzana. Mukazindikira kuti mwasochera, bwererani pa 1 osadzikalipira. Kuzindikira ndi kubwerera kumeneko ndiyo ntchito yake yonse, ndipo tsiku lomwe mwabwerera kambirimbiri silinawonongeke. Tambala wa aneba, njinga za kabaza, wailesi ya kuseri kwa mpanda, zonsezo musalimbane nazo. Zimveni zibwere zipite. Mukadikira kuti ku Chibavi kukhale zii, simudzayamba.

Mphindi 45 zomwe mumamva zili ndi kochokera. Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro a kusinkhasinkha a masabata asanu ndi atatu ku University of Massachusetts mu 1979, makamaka kwa odwala amene ankavutika ndi ululu wosatha ndi nkhawa, ndipo ophunzirawo ankapemphedwa kuchita pafupifupi mphindi zimenezo tsiku lililonse. Koma iwo anali ndi mphunzitsi ndi gulu lokumana sabata iliyonse. Inu muli nokha pabalaza mbandakucha. Yambani ndi zitatu. Pakatha mwezi, ngati mtima ukufuna, onjezerani ziwiri.

Za anzanu a kutchalitchi, sindikufuna kukunamizani kuti nkhawa yawo ilibe maziko. Yoga inachokera ku India, ndipo mizu yake ili m'zikhulupiriro za kumeneko, makamaka Chihindu. Alipo amene amaichita ngati njira ya uzimu, ndi nyimbo ndi mawu obwerezabwereza. Komanso lero ikuchitidwa ndi anthu a zipembedzo zosiyanasiyana ngati njira yosamalira thupi, moti mu Disembala 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa 21 Juni kukhala tsiku la yoga padziko lonse. Zomwe ndakulemberani pamwambazi ndi kupinda msana, kupuma ndi kukhala chete. Ngati vidiyo ili ndi mawu oimba amene simukuwamvetsa, idumpheni. Ndondomeko yotchuka ija ya Surya Namaskar, ya magawo 12, imagwirizanitsidwa ndi kulemekeza dzuwa, ndipo ngati chikumbumtima chanu chikuikana, isiyeni, simutaya kanthu. Pa mphindi zokhala chete mukhoza kugwiritsa vesi limodzi kapena pemphero lalifupi m'malo mowerenga manambala. Ndipo ngati mtima sukukhazikikabe, kakambiraneni ndi abusa anu, muwasonyeze ndendende zimene mumachita. Chinthu chochita mobisa, ndi mantha, sichikhalitsa, ndipo sichingakupatseni mtendere umene mukuufuna.

Simunanene za thanzi lanu kupatula msana, choncho ndinene izi. Bungwe la madokotala la American College of Physicians, m'malangizo ake a 2017, linaika yoga pakati pa njira zosagwiritsa mankhwala zimene munthu wa msana wopweteka nthawi yaitali angayambire. Koma ululu ukamatsikira m'mwendo, mwendo ukamachita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukamavuta kuugwira, imeneyo si nkhani ya pamphasa, pitani kuchipatala. Ngati muli ndi BP, musaimire mutu ndipo musagwire mpweya, ngakhale vidiyo ikunena choncho, ndipo mankhwala musasiye chifukwa choti mwayamba kusinkhasinkha. Ngati muli oyembekezera, zogona chafufumimba ndi zopotoza mimba zichoke, ndipo funsani anamwino kusikelo. Dziwaninso kuti kwa ena, makamaka amene anadutsa m'zowawa zazikulu, kukhala chete kumadzutsa maganizo olemera. Zikatero tsegulani maso, imirirani, yendani. Zikamabwerezabwereza, kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi wa chipatala cha St John of God, kumene amathandiza pa nkhani za maganizo, ndipo kupitako si chamanyazi.

Yoga ya mphindi 10 siilowa m'malo mwa kuyenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zofulumizitsa mtima kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Masiku amene kulibe mvula, tsikani kabaza musanafike, mbali yotsalayo muyende ndawala.

Masiku osokonekera adzabwera ndithu. Kudzagwa maliro mudzagone kusiwa, mwana adzatentha thupi usiku, mudzakwera basi ya ku Lilongwe kusanache. Konzeranitu kanthu kakang'ono ka masiku oterewa: kukhala tsonga pomwe muli, kutsitsa mapewa, kupuma mozama katatu. Zimenezo zimatheka ngakhale pampando wa basi, ndipo muziwerengere kuti tsikulo mwachita. Pakalendala ya pakhoma muzichonga tsiku lililonse lomwe mwachita, lalikulu kapena laling'ono. Pakakhala mpata, mawa lake muchonge basi, osabweza ngongole ya dzulo ndi mphindi zowirikiza. Ngati pali mnzanu wa pafupi amene angafune, gwirizanani kuti aliyense akamaliza azitumiza kauthenga kamodzi kokha. Ana akadzuka n'kufuna kukwera pamsana panu, asiyeni agwade pambali panu achite nawo, amatopa okha msanga.

Yambani mawa, ndi madzi osamba aja. Ndipo mundiyankhe pano ngati muli ndi BP, ngati munachitidwapo opaleshoni, komanso kuti msanawo umapweteka pati kwenikweni, m'chiuno kapena pakati pa mapewa, kuti ndikuuzeni zoti muchotse ndi zoti muonjezere pa ndondomeko ija.