Achimwene, musanakabwereke njingayo imvani zimene zinandionekera ku Simonsberg

Achimwene, ndangoona kuti mukufuna kubwereka njinga Loweruka likudzali n'kukalowa m'gulu la anthu osawadziwa m'minda ya mphesa ya ku Stellenbosch kuno ku South Africa, phewa langa lamanzere layambiranso kuwawa pompano. Ndikulemba mothamanga pa nthawi yopuma kuntchito, zikasokonekera mundikhululukire.

Ine zinandigwera mwezi womwe uno wa February, zaka 3 zapitazo. Njinga ndinakula nayo, kwathu ku Dedza ndinkatsika nayo mitsetse itasenza matumba a kachewere, choncho mnzanga wa kuntchito atandiuza kuti pali gulu limakwera Loweruka lililonse m'mafamu a m'munsi mwa phiri la Simonsberg ndinavomera tsiku lomwelo. Njinga ya m'mapiri ndinalibe. Ndinakabwereka pa shopu ina m'tauni, dzina sinditchula, anandiuza ndisiye R3,000 ya chikole. Ndisanatuluke pakhomo ndinafinya buleki ya kumbuyo, ndikumva kuti ikufewa ngati siponji. Ndinamuuza mnyamata wa pa kauntala. Sanadzuke n'komwe pampando. Anati mabuleki a disiki amakhala choncho, mukangoyenda pang'ono agwira. Ndinali ndisanakwerepo njinga ya mabuleki amenewo, ndinamukhulupirira.

Tinalipo anthu 9. Wotsogolera anayamba ndi mawu okoma, akuti gulu lino sitisiya munthu, tizidikirana pa mphambano iliyonse. Tinanyamuka cha m'ma 8 koloko, kumene kunali kuchedwa kale, chifukwa kuno February dzuwa lake ndi lija la October ku Nsanje. Tinakwera ola ndi theka m'misewu ya thirakitala pakati pa mizere ya mphesa, mthunzi osauona. Anzangawo njinga zawo zopepuka, miyendo yozolowera, ine ndekha kumbuyo. Pa mphambano ziwiri zoyamba anandidikiradi, koma ndikangofika iwo n'kunyamuka, ine osapuma ngakhale mphindi imodzi. Pofika pamwamba botolo langa limodzi lija linali litatsala madzi a pansi okha.

Kenako kanjira kotsika, kopapatiza, kokhotakhota, miyala ndi fumbi. Pa kona yachitatu sindinawaonenso, ndinkangoona fumbi lawo likutsika m'mitengo. Ine dzanja pa buleki ya kumbuyo osaleka, monga tinazolowerera kwathu. Mabuleki awa amayendera mafuta a m'kapaipi, ndiye mukalowa mpweya, kapena timapadi tikatha, pa mtsetse wautali amatentha n'kuleka kugwira. Izi ndinazidziwa pambuyo pake. Nthawi imeneyo ndinangomva chogwirira chafika mpaka pa handulo, palibe chikuchitika, njinga n'kumawonjezera liwiro. Kutsogoloko kanjira kankakhota kulowa mumsewu wa famu. Ndinafinya ya kutsogolo ndi mphamvu zanga zonse. Tayala linangoti nji pa timiyala, ine ndinaulukira pamwamba pa handulo n'kukagwera mumzere woyamba wa mphesa.

Amene minda imeneyi amangoiona pa zithunzi sadziwa kuti mzere uliwonse uli ndi mawaya okokedwa pa zipilala za mitengo, olimba ngati a mpanda wa ng'ombe. Waya umodzi unandicheka mkono kuchokera pa chigongono kutsika, phewa n'kukamenya chipilala. Ndinamva kuti thyo, mkati mwa thupi. Helimeti inang'aluka pakati, ndipo ikanapanda iyo bwenzi nkhaniyi mukuimva kwa wina. Ndinayesa kudzuka, dziko lonse linazungulira, ndinasanza. Fupa lija lochoka pakhosi kupita paphewa linali litatukula khungu ngati chala pansi pa nsalu. Botolo linagubuduzikira kumene sindikanafika. Foni galasi linasweka, ikuyaka koma chala osachimva. Ndinakuwa, ndinaitana mnzanga uja mpaka mawu anatha, kuli zii. Mphesa zimene ndinaziphwanya pogwa zinali zitamata malaya onse, mavu n'kumabwera, nyerere n'kumakwera pa bala. Ndinakwawira pansi pa masamba kufuna kamthunzi koma dothi lenilenilo linkawotcha ngati chiwaya. Chilichonse chikagwedezeka m'masamba ouma mtima unkathawira kukhosi, chifukwa m'minda muno muli mphiri ndipo mphiri sithawa munthu. Lilime linauma mpaka kumamatira m'kamwa. Ndinaganiza za mwana wanga amene anali Fomu 2 nthawi imeneyo, kuti fizi yake atulutsa ndani. Ndinaganizanso za zopereka zija timasonkha m'gulu lathu lino la Amalawi mnzathu akatisiya kuti thupi lake likafike kumudzi, ndikuti ulendo uno dzina lolembedwa pamwamba likhala langa. Ndinalira ngati mwana, abale.

Ndinagona pamenepo pafupifupi maola 2. Anandipeza ndi okolola mphesa. February ndi nthawi yokolola, amalowa m'munda kusanache n'kuweruka dzuwa lisanafike pamutu, ndiye ankabwerera ndi thirakitala yawo. Mayi wina wachikulire, woyankhula Afrikaans, ndiye anaona njinga ili chagada m'mbali mwa msewu. Sitinamvane liwu ndi limodzi lomwe. Anavula duku lake n'kundimangira mkono pachifuwa, anandimwetsa madzi a m'chigubu pang'onopang'ono kwinaku atandigwira mutu, anyamata awiri anandinyamula kundikhazika pa ngolo pakati pa makreti a mphesa. Kapitawo wawo ndiye anandithamangitsira kuchipatala pa galimoto yake. Anthu amene amatenga ndalama yochepa kwambiri m'chigwa chino, ndi amene anasiya ntchito yawo chifukwa cha ine.

Nanga gulu lija? Wotsogolera anaimba foni itakwana 1 koloko masana, nesi ndiye anandiyankhira. Anali atakhala pa famu ina akulawa vinyo. Akuti timaganiza kuti mwabwerera. Kubwerera kuti? Munthu wachilendo, tsiku loyamba, pamwamba pa phiri, abwerere osatsanzika? Anthu 8 athunthu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka kuwerenga mitu. Mnzanga wa kuntchito uja, amene anandikokera yekha kumeneko, anabwera kudzandiona patatha masiku 4 atanyamula nthochi, mpaka lero timangopatsana moni basi. Ndipo a shopu aja, Mulungu awaone. Chikole changa chonse anadya, akuti ndapinda wilo. Nditawauza za buleki ananditulutsira pepala limene ndinasaina, akuti munavomereza nokha kuti njinga ili bwino. Mnyamata uja anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sakundikumbuka. Masabata 7 osagwira ntchito, ndipo mukudziwa nonse ntchito zathu zino, ukapanda kupita palibe cholowa. Lendi anandilipirira ndi anthu a kutchalitchi. Kumudzi miyezi 2 sindinatumize kalikonse, ndipo mayi anga sindinawauze chifukwa chake mpaka bala litapola.

Ndiye mverani. Njinga yobwereka ayi. Kapena ndinene kuti bwerekani, chifukwa njinga zimenezi n'zodula ndipo si nzeru kugula musanadziwe ngati muzikonda, koma musachoke pa shopu musanaikwere panja, mufinye mabuleki onse awiri mwamphamvu, chogwirira chisafike pafupi ndi handulo. Chikafewa, asinthe njinga. Jambulani kavidiyo njinga yonse pamaso pawo. Funsaninso ngati matayala ali ndi mankhwala otseka pankichala, chifukwa m'misewu ya m'minda muli timinga tija amati duwweltjies, timaboola chubu kangapo pa ulendo umodzi. Potsika muzigwiritsa mabuleki onse awiri, kufinya n'kusiya, thako kumbuyo kwa chishalo.

Za njira, musayambire ku Simonsberg. Pitani ku Jonkershoek, chigwa chili kumapeto kwa tauni kumene kumachokera mtsinje wa Eerste. Mumalipira pageti, ndipo m'munsimo muli misewu yotakata ya m'nkhalango ya paini yoti muphunzirirepo njinga popanda wokuthamangitsani. Moto waukulu wa 2015 unapsereza mitengo yambiri, choncho mthunzi si paliponse, koma anthu amadutsa pafupipafupi ndipo mukagwa wina akupezani. Yang'anani mitundu ya zikwangwani, yobiriwira ndi ya oyamba kumene, yofiira ndi yakuda muzisiye kaye. Tinjira ta Armageddon ndi Red Phoenix anzanu azikutchulirani monyadira, si za mwezi woyamba zimenezo. Mukazolowera wolokani phiri pa msewu wa Helshoogte kupita ku Banhoek ndi ku Boschendal, kumeneko ndiye mumapalasa pakati pa mphesa penipeni mapiri atakuzingani mbali zonse, ndipo kuli njira zosavuta. Ku Bottelary n'kokongola koma n'kwapoyera, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ija ikauka imakukankha ngati munthu. Ku Wellington, cha ku Welvanpas m'munsi mwa Bain's Kloof, kumatentha kuposa kuno. Ndipo kumbukirani kuti ena mwa amene muwapeze m'njirazi akukonzekera Cape Epic ya mu March, mpikisano wa njinga wa masiku 8, ndipo mu 2018 ku Coetzenburg kuno kunachitikira World Cup ya njinga za m'mapiri. Musamayese miyendo yanu ndi yawo.

Zambiri mwa njirazi zimadutsa m'mafamu a eni ake. Gulani chilolezo ndipo muchisunge poti mutulutse msanga, chifukwa alonda amatiimitsa ife anthu akuda kawirikawiri kuposa ena, ndinene mosabisa. Musathyole mphesa ngakhale phava limodzi. Thirakitala ikamabwera patukani, iwo ali pantchito. Madzi malita 2 kupita m'mwamba, ndipo vinyo mulawe mutatsika njinga, osati pakati pa ulendo. Nambala ya zangozi ya 112 imagwira pa foni iliyonse ya m'manja, ndipo foniyo muiike m'chikwama cha kumsana, osati pa handulo monga ndinachitira ine.

Musapite nokha, chonde. Ngakhale kunena zoona ine chichokereni tsiku lija ndimakwera ndekha nthawi zambiri, pa njinga yanga yakale imene ndinagula kwa munthu, ndimangouza akazi anga njira ndi nthawi yobwerera, chifukwa gulu ndinasiya kulikhulupirira. Ngati mulowa gulu, funsani kuti amene amatsalira kumbuyo kwa onse ndi ndani, akuonetseni nkhope yake. Akakuyankhani kuti timangodikirana, bwererani kunyumba. Ndipo February musiyeni apite, dikirani April kukazizira, masamba a mphesa akamasanduka ofiira.

Koma ngati mwatsimikiza mtima za Loweruka lomweli, musapite ndi anthu amenewo. Ndilembereni ku inbox. Ndili off, ndikudikirani pageti la Jonkershoek m'mawa kwambiri, njinga yobwerekayo ndiione kaye ndi manja anga, ndipo ine ndizikhala kumbuyo kwanu ulendo wonse.