Mfuti idikire kaye, yambani ndi maso ndi tsaya

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akugwira ntchito ya unamwino ku England. Anzawo akuntchito anawatengera kubwalo lowomberako timbale touluka, anawapatsa timbale 25, iwo n'kuswa 9, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wawo uli komweko. Analemba kuti: "Ndikufuna ndidzafike pochita nawo mipikisano ya trap. Kodi ndigule mfuti yangayanga panopa? Yotani? Ndili ndi zaka 34, kodi sindinachedwe? Komanso phewa linandipweteka masiku atatu."

Zikomo achemwali pondikhulupirira ndi funso limeneli. Ndiyambe ndi la zaka, chifukwa ndi lomwe limabweza anthu ambiri asanayambe n'komwe. Simunachedwe ayi. Pabwalo la trap mudzaima mzere umodzi ndi mnyamata wa kusekondale komanso agogo a imvi, ndipo nthawi zambiri agogowo ndi amene amaswa zambiri. Adriana Ruano wa ku Guatemala anali katswiri wa masewero a jiminasitiki, anavulala msana mu 2011, dokotala n'kumuuza kuti ayese kuwombera popeza sikungamuwonjezere vutolo. Mu 2024, pa Olimpiki ya ku Paris, anaswa timbale 45 mwa 50 mu ndime yomaliza ndipo anapatsa dziko lake mendulo yoyamba yagolide m'mbiri yake yonse. Sindikulonjezani golide, koma nkhani ya zaka ichokeretu m'mutu mwanu.

Tsono za mfuti. Musagule panopa. Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa ine ndinagula msanga, ndalama zolowa thukuta, ndipo ndinataya pafupifupi chaka ndikulimbana ndi mfuti yosagwirizana ndi thupi langa. Wogulitsayo anaona kuti ndine mlendo pa zinthuzi, sanandiuze n'komwe kuti ndiyiike paphewa aone pomwe diso langa likugwera. Ndinkabwera kunyumba tsaya litatupa, ndikudziimba mlandu, pamene vuto linali mtengo wa kumbuyo kwa mfuti, umene amati stock, womwe unali wautali komanso wotsika kwa ine. Phewa lanu lija mwina lakuuzani kale zomwezi. Mfuti zambiri zobwereka pabwalo anazipanga poyerekeza msinkhu wa mwamuna wamkulu, ndiye mayi akaigwira imakhala pamkono m'malo mokhala m'kachigwa kapakati pa phewa ndi chifuwa, ndipo ikalira imamenya fupa. Pemphani yofupikirako, pemphaninso zipolopolo zopepuka za magalamu 21 kapena 24 m'malo mwa 28. Mudzamva kusiyana tsiku lomwelo.

Mwayi wanu ndi wakuti ku Britain lamulo limalola munthu wopanda chiphaso kuwombera pamabwalo amene apolisi anawavomereza, ndi mfuti ya pabwalopo, mlangizi ali pambali. Chiphaso chanuchanu, shotgun certificate, chimachokera kupolisi, chimagwira ntchito zaka 5, ndipo amafuna kudziwa za umoyo wanu ndi kuona posungira mfutiyo potetezeka, kawirikawiri kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma. Yambani kuchifunsira, chimatenga nthawi, koma miyezi yodikirayo muigwiritse ntchito poyesa mfuti zosiyanasiyana.

Mawu oti trap ali ndi mbiri yake. Kale ankatsekera nkhunda zamoyo m'timabokosi totchedwa trap, wowombera akafuula, munthu amakoka chingwe, bokosi n'kutseguka. N'chifukwa chake mpaka lero timafuula kuti "pull", ndipo kambale timakatcha mbalame. Kambale kadongo anakapanga George Ligowsky wa ku Cincinnati mu 1880, ndipo Britain inaletsa mipikisano yowombera nkhunda zamoyo mu 1921. Timbale ta masiku ano si tadongo kwenikweni, amasakaniza ufa wa miyala ya laimu ndi phula kapena utomoni. Kamodzi n'kotambalala mamilimita 110, kolemera magalamu 105, kokwana pachikhatho chanu.

Koma trap ili mitundumitundu, ndipo apa ndi pomwe muyenera kusankha mwanzeru. Imene mumaonera pa Olimpiki ili ndi makina 15 obisika m'ngalande, atatuatatu kutsogolo kwa malo aliwonse mwa asanu oimapo. Mumaima mamita 15 kumbuyo, kambale kamathamanga mpaka kukagwa pa mamita 76, kamatha kupatuka madigiri 45 kumanja kapena kumanzere, ndipo simudziwa kuti katuluka kati. Imeneyo ndi yokongola koma imaswa mtima wa woyamba kumene. Inu yambani ndi Down the Line, imene aliyense amangoti DTL. Imaseweredwa kwambiri ku Britain, Australia, New Zealand ndi South Africa. Makina ndi amodzi, amayendayenda uku ndi uku koma kutalika kwa kambale m'mwamba sikusintha. Anthu asanu mumaima mzere mayadi 16 kumbuyo kwa kanyumba ka makinawo, mumawombera mosinthana, ndipo aliyense akakwanitsa timbale tisanu, nonse mumasunthira kumanja malo amodzi. Mukaswa ndi chipolopolo choyamba mumapeza mapointi atatu, ndi chachiwiri awiri. Ndiye mukamva wina akuti "ndapeza 25/75", ndiye kuti sanaphonye ngakhale kamodzi, ndipo chachiwiri sanachigwiritse ntchito.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna mutenge m'kalata yonseyi. Mfuti ya machaka sitiloza nayo ngati mmene msilikali amalozera, atatsinzina diso limodzi n'kumayang'ana kansonga ka mpope. Kumbukirani ana kumudzi akamagenda mango kapena kuthamangitsa khwangwala pa chimanga choyanika. Mwana sayang'ana mwala uli m'dzanja lake, amayang'ana chomwe akugendacho, mkono n'kutsatira wokha. Ndi mmenenso zilili kuno. Maso onse awiri ali pa kambale, mfuti ikutsatira maso. Mukangobweza diso kuti muone ngati mpope uli pabwino, mfuti imaima, kambale n'kupitirira, machaka n'kudutsa kumbuyo kwake.

Kuti zimenezi zitheke, diso lanu liyenera kukhala pamalo amodzimodzi pamwamba pa mfuti nthawi iliyonse, ndipo chimene chimalisunga pamenepo ndi tsaya. Tsaya likanikize mtengo wa mfuti, lisachoke mpaka zidutswa za kambale zitagwa pansi. Cholakwa chachikulu cha oyamba kumene ndi kudzutsa mutu pofuna kuona bwino kambale kakusweka. Mutu ukadzuka pang'ono chabe, machaka amapita pamwamba. Ndinaona mayi wina wachikulire pabwalo lathu akuphunzitsa mdzukulu wake. Anamuikira kapepala pakati pa tsaya ndi mfuti, n'kumuuza kuti kakangogwa, kambaleko sakawerengera ngakhale kasweke. Mwanayo anawombera ka 10 kapepala kali pomwepo, m'mphepete mwake mutanyowa ndi thukuta, ndipo anaswa 8.

Musanapite patali, yesani kuti mudziwe diso lomwe limatsogolera. Tambasulani mkono, lozani chinthu chakutali maso onse ali otsegula, kenako tsinzinani lamanzere. Chala chikakhalabe pa chinthucho, lotsogolera ndi lamanja. Chikalumpha, ndi lamanzere. Ngati mumaika mfuti paphewa lamanja koma diso lotsogolera ndi lamanzere, mudzaphonya cham'mbali popanda kumvetsa chifukwa chake. Mankhwala ake ndi kadontho ka tepi pa galasi la diso lamanzerelo, kapena kuphunzira kuwombera ndi phewa lamanzere. Popeza mwangoyamba, thupi silinazolowere mbali iliyonse, ino ndi nthawi yabwino yosinthira. Mlangizi wodziwa ntchito yake amayamba ndi zimenezi, ndipo maphunziro atatu kapena anayi kwa iye ndi opindulitsa kuposa mabokosi khumi a zipolopolo owombera panokha.

Mukaima pamalo anu, mwendo wakutsogolo usenze thupi mochulukirako, chifuwa chiweramire kutsogolo pang'ono. Ikani mfuti paphewa, mpope uloze pamwamba pa kanyumba, maso muwaponye kutsogolo kwa mpopewo pomwe kambale kadzayambe kuoneka bwino. Pumani. Itanani kambale pofuula kuti "pull". Ndiyeno musasunthe mfuti mpaka mutakaona kambale ndi kudziwa komwe kakulowera. Ambiri amalumpha ndi mawu awo omwe, mfuti n'kupita kumanja pamene kambale kapita kumanzere. Kutembenuka kuchokere m'chiuno, osati m'mikono, ndipo mfuti ipitirize kuyenda ngakhale italira kale.

Za chitetezo sindinyengerera. Mfuti ikhale yothyola, kutanthauza yotsegula pakati, ndi yopanda kanthu nthawi zonse, kupatula pamene mwaima pamalo anu ndipo ikuyang'ana kubwalo. Posuntha kuchoka pa malo achisanu kupita pa oyamba, tulutsani zipolopolo kaye. Zotseka m'makutu ndi magalasi muzivala musanafike pamzere. Ndinu namwino, mukudziwa kuti khutu likagontha ndi phokoso silibwerera.

Nanga mpikisano muyambe liti? Msanga kuposa mmene mukuganizira. Mukamaswa 17 kapena 18 mwa 25 kawirikawiri, ndipo malamulo a pamzere mwawadziwa, lembetsani ku Clay Pigeon Shooting Association, bungwe loyang'anira masewerowa ku England lomwe likulu lake lili ku Bisley, n'kulowa mpikisano wa timbale 100. Owombera amagawidwa m'magulu AA, A, B ndi C potengera zomwe akhala akupeza, choncho mudzapikisana ndi anzanu a luso lofanana ndi lanu ngakhale mutaima pafupi ndi katswiri. Palinso gawo la amayi. Mpikisano umaphunzitsa chimene tsiku loyeserera silingakupatseni: mtima kugunda pamene mwaswa 19 motsatizana, ndi kudziwa kuiwala kambale kophonya wotsatira asanaitane. Khalani ndi kabuku, muzilemba malo omwe mwaphonyera ndi komwe kambale kanalowera. Pakatha miyezi iwiri mudzaona nokha kuti mwina ndi timbale topita kumanja mukaima pa malo achisanu, ndipo mudzadziwa choti mukamuuze mlangizi.

Nthawi yogula ikadzakwana, funani mfuti ya 12 bore (umenewu ndi muyeso wa kukula kwa bowo la mpope) ya mipope iwiri yosanjikizana, yotalika mainchesi 30 kapena 32, yokhala ndi potsamira tsaya posunthika kuti akukwezereni kufika pa diso lanu. Ikhale yolemererako, pafupifupi makilogalamu atatu ndi theka kapena anayi, chifukwa kulemerako kumameza mphamvu yomwe ikanakumenyani paphewa. Yogwiritsidwapo kale ntchito ya Beretta, Browning kapena Miroku idzakutumikirani zaka zambiri. Popita kukagula mutenge mlangizi wanu, ndipo musapereke ndalama musanaiwombere timbale 25. Mukadzalowa mpikisano woyamba, mundilembere mundiuze kuti mwapeza angati mwa 300.