Khitchini ya nyumba yakale: musathamangire makabati

Mayi wina wa ku Kensington, ku Joni (Johannesburg), wandilembera imelo. Agula nyumba yomangidwa m'zaka za m'ma 1930, khitchini yake ndi yaing'ono ndipo ili kumbuyo. Amuna awo akufuna kugumula zonse, kugwetsa khoma lina n'kuika makabati atsopano, koma iwo mtima ukukana. Funso lawo ndi lakuti: tisunge chiyani, tichotse chiyani?

Mayi, ine ndili mbali yanu. Yambani mwayang'ana m'mwamba. Nyumba zambiri za ku Kensington, Melville, Brixton ndi Troyeville zili ndi siling'i yachitsulo ya maluwamaluwa ija. Ngati yanu ilipo, musaichotse. Ipaleni dzimbiri, muipake penti, ikhalanso zaka zambiri. Popala samalani, chifukwa penti yakale nthawi zambiri imakhala ndi mtovu. Valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, ana asakhale pafupi.

Kenako tukulani pulasitiki ya pansi pakona imodzi. Mwina mupeza matabwa a Oregon pine. Kwathu titatukula, mkazi wanga anangogwira pakamwa. Matabwa ofiirira, aatali, anakhala obisika zaka zonsezo. Tinangowapala ndi kuwapaka vanishi.

Koma ndalama zoyamba zisapite pa zokongola. Zipite pa zomwe maso saona. Mawaya akale sanaikidwe kuti anyamule firiji, ketulo ndi mayikurowevu nthawi imodzi, ndipo soketi mwina ndi imodzi kapena ziwiri basi. Itanani wamagetsi wolembetsedwa, akamaliza akupatseni chikalata cha CoC, chotsimikiza kuti magetsi aikidwa motsatira malamulo. Mapaipi achitsulo akale amadzala dzimbiri m'kati, madzi n'kumatuluka pang'onopang'ono. Asintheni tsopano makoma akadali osapakidwa. Ife tinachita mosemphana: tinaika matailosi kaye, patapita miyezi paipi inayamba kudontha, tinawaswanso. Zimandiwawabe.

Za khoma lomwe bambo akufuna kugwetsa, auzeni adikire. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999, gawo 34, limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba yoposa zaka 60 popanda chilolezo. Kuno ku Gauteng chilolezocho chimachokera ku PHRAG, bungwe la boma loteteza nyumba ndi malo akale m'chigawochi. Komanso khoma lina limanyamula denga, ndiye injiniya aliwone kaye.

Mwatchula chitofu cha Dover, chachitsulo chophikira nkhuni kapena malasha, chomwe chili pakona. Chisiyeni pomwepo. Mu Juni ndi Julayi Joni imazizira mpaka m'mafupa, ndipo chumuni ikakonzedwa bwino chitofucho chimafunditsa khitchini yonse, nyemba zikuwira pamwamba. Pambali pake ikani chitofu cha gasi, kuti magetsi akazima nsima isathere pakati. Gasiyo ayike munthu wolembetsedwa, nayenso akupatseni chikalata.

Makabati gulani osakometsera kwambiri, amatabwa opaka penti, ogwirira ake akhale achitsulo kapena amkuwa. Ngati pali kachipinda kotsukira mbale kumbuyo, sinki yaikulu ndi makina ochapira zipite kumeneko, khitchini itsale yophikira ndi kukhalamo.