Mwana woikidwa magazi mwezi ndi mwezi musamupatse mapilisi a ayironi

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 7 anamupeza ndi matenda a thalassemia ali ndi chaka chimodzi. Mwezi uliwonse timakwera minibasi kuchoka kuno ku Nkhotakota kupita ku Lilongwe kukamuika magazi. Chaka chino akungodwaladwala, chifuwa chikatha kumabwera zithupsa. Apongozi anga andibweretsera mapilisi owonjezera magazi, aja amapereka kusikelo, akuti vuto ndi kuchepa magazi basi. Ndimupatse? Komanso atamuyeza anati CD4 yatsikako, ndiye mtima uli m'mwamba. Kodi sanatengere kachilombo m'magazi omwewa?
Mayi wa ku Nkhotakota

YANKHO: Mayi, mapilisiwo musamupatse, ngakhale limodzi. Apongozi muwathokoze, anachita mwa chikondi, koma mapilisiwo ndi a ayironi, ndipo mwanayu sakusowa ayironi. Thalassemia ndi matenda otengera kwa makolo onse awiri, ndipo thupi limalephera kupanga magazi abwino ngakhale ayironi atakhala wochuluka bwanji.

Thumba limodzi la magazi limabwera ndi ayironi wokwana mamiligalamu 200 mpaka 250, pamene thupi limataya miligalamu imodzi kapena awiri patsiku. Khomo lolowera ndi lalikulu, lotulukira ndi laling'ono kwambiri. Munthu akaikidwa magazi maulendo 10 mpaka 20, ayironi amayamba kuunjikana, ndiye werengani nokha miyezi ya zaka 6 zapitazi. Amakakhala m'chiwindi, mumtima ndi m'tiziwalo totulutsa mahomoni. Zotsatira zake ndi shuga, kuchedwa kutha msinkhu, ndipo choopsa kwambiri, kufooka kwa mtima.

Kudwaladwala mukunenaku kukhoza kuchokera pomwepa. Mabakiteriya ena, monga Klebsiella ndi Yersinia, amakula bwino pamene pali ayironi wambiri. Pomwepo asilikali a m'thupi amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo amachita ulesi. Kwa odwala thalassemia zimaonekanso kuti maselo a CD4 amachepa poyerekeza ndi a CD8 (yonseyi ndi mitundu ya asilikali a m'thupi). Ife kuno tikangomva CD4 timaganiza za HIV, poti ndi kumene tinaphunzirira dzinalo, koma CD4 imatsika pa zifukwa zinanso. Magazi a ku Malawi Blood Transfusion Service amayezedwa HIV ndi matenda a chiwindi asanaperekedwe. Komabe mwana aliyense wolandira magazi pafupipafupi amayenera kuyezedwa nthawi ndi nthawi, choncho kamuyezetseni kuti mtima ukhale pansi.

Ulendo ukubwerawu mufunse kuti ferritin yake, muyeso wosonyeza kuchuluka kwa ayironi wosungidwa m'thupi, ili pati. Ikapitirira 1000, amafunika mankhwala otulutsa ayironi. Alipo atatu: deferoxamine, wolowa pang'onopang'ono pansi pa khungu kwa maola 8 mpaka 12, nthawi zambiri usiku, deferasirox, wakumwa kamodzi patsiku, ndi deferiprone, wakumwanso. Womalizayu amatha kutsitsa kwambiri asilikali ena a m'magazi, ndiye woumwa amayezedwa magazi pafupipafupi. Ngati mkodzo wafiirira ali pa deferoxamine kapena deferiprone musadabwe, ndi ayironiyo akutuluka.

Za chakudya musamumane usipa kapena bonongwe, vuto silili m'mbale. Tiyi pa nthawi ya chakudya amachepetsako ayironi wolowa m'thupi, koma sangalowe m'malo mwa mankhwala.

Thupi likangotentha, musanene kuti ndi malungo a kunyanja kuno tiona mawa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati anamuchotsa kapamba, ndipo mukafika nenani msanga kuti amaikidwa magazi mwezi uliwonse, muwasonyeze buku lake ndi mankhwala amene akumwa. Mapilisi a apongoziwo muwatengenso, adokotala akawaone.