Thope likagwira miyendo: yankho kwa mayi a kwa Santhe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a kwa Santhe kuno ku Kasungu. Mwana wawo wa zaka 12 anatitimira m'thope mpaka m'ntchafu pokusa ng'ombe kudambo. Anzake anamuzula movutikira, patapata n'kutsala momwemo. Akufunsa kuti: kodi n'zoona kuti thope limameza munthu wathunthu? Nanga ana aziwauza chiyani, poti kubusa sangasiye?

Mayi, pepani ndi zomwe zinakuonekerani. Koma mtima ukhale m'malo: thope silimeza munthu mpaka kumutu ngati mmene amaonetsera m'mafilimu. Mu 2005, Daniel Bonn wa ku yunivesite ya Amsterdam ndi anzake anafufuza mchenga wotitimiza. Mchengawu umalemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, pamene thupi la munthu limalemera mofanana ndi madzi, ndiye munthu amatitimira n'kukaima cha m'chiuno. Koma anapezanso kuti kuzula phazi mwamsanga kumafuna mphamvu yonga yonyamulira galimoto. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Thope likapondedwa limayamba lasungunuka, mwendo n'kulowa. Kenako madzi amathawa, dothi n'kuthinana mozungulira mwendowo ngati simenti. Ukamaphiriphitha, ukazula mwendo uno winawo umalowa kwambiri, chifukwa thupi lonse latsamira pamenepo.

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Kunali mwezi wa Marichi, kudimba la amalume kufupi ndi Bua, nditasenza thumba la chimanga chachiwisi. Ndinaona kamsipu kobiriwira bwino, kosalala, ndati ndidutse pompa. Phazi loyamba tswii mpaka m'bondo. Ndinalimbana nalo, thumba lili pamutu, mpaka miyendo yonse inalowa. Agogo ena amene ankatema bango patsidya anangokuwa: "Taya thumbalo! Gona chagada, mwana iwe, malaya tichapa!" Ndinakayika kaye, chifukwa malayawo anali atsopano. Jombo imodzi ili komweko mpaka lero.

Agogo aja ananena zonse. Mwana akamva kuti pansi pakumira, ataye chimene wanyamula, kaya ndi mtolo wa udzu kaya chigubu. Ngati n'm'mapazi chabe, abwerere chambuyo komwe wachokera, asapitirire kutsogolo. Likafika m'mawondo kapena m'ntchafu, akhale pansi n'kugona chagada, manja atatambasula, kuti msana wonse unyamule thupi. Ndodo yabusa aigoneke chopingasa kunsi kwa msana. Akatero azigwedeza mwendo umodzi pang'onopang'ono, ngati akuvundula phala, kuti madzi alowe m'mbali mwake. Nsapato ikakana, phazi lituluke lokha. Mwendo umodzi ukamasuka, winawo chimodzimodzi, kenako akunkhulike kapena akwawe mpaka pouma. Asafulumire kuimirira. Zimatenga nthawi, ndipo kupuma pakati si kulakwa.

Kumene ndimaopa kwambiri ine ndi kwa opulumutsa. Ana akaona mnzawo watitimira amathamangira pomwepo, otitimira n'kukhala atatu. Auzeni kuti mmodzi athamange kukaitana akuluakulu, otsalawo aponye nthambi, nsungwi kapena mitolo ya bango kuti wogwidwayo atsamirepo. Wofuna kumufikira akwawe chafufumimba pa thabwa, chitseko kapena mphasa. Madzi a m'keni yothirira ndiwo zamasamba, mukawathira m'mbali mwa mwendo uku mukufukula ndi manja, amathandiza kuposa amuna anayi okoka. Ndipo chonde, musamumange chingwe n'kukoka ndi ng'ombe za pangolo kapena galimoto. Thope silimasula msanga chotero. Chimene chimagonja ndi bondo kapena chiuno cha munthu.

Nanga chimapha n'chiyani ngati thope silimeza? Madzi ndi nthawi. Mvula ikagwa kumtunda ku Mchinji, mitsinje ya Rusa ndi Bua imatha kudzaza kuno kuli ngwee, ndipo wogwidwa miyendo m'khwawa sangathawe. Usiku wa Juni kapena Julaye, munthu wonyowa amazizidwa mpaka kufooka. Maenje oumbira njerwa ndiye oopsa mwapadera: pamwamba madzi akuya, pansi thope, m'mbali moterera. Mmenemo mwana amamira ndi madzi enieni, choncho asamasambiremo n'komwe. Munthu amene wakhala nthawi yaitali atapanikizika miyendo, kapena akumva dzanzi losatha atatuluka, mupite naye kuchipatala ngakhale akuti ali bwino.

Mayi, mwana wanuyo musamukalipire za patapata. Mupite naye kudambo komweko masana, ndodo ili m'manja, akuonetseni pamene anatitimira. Abaye pansi ndi ndodoyo, aone mmene nthaka imanjenjemerera ndi mmene timadzi timabwerera m'dzenje la ndodo. Malo otero, ngakhale kunja kutauma mu Okutobala pamene anyamata amakagwira milamba m'zithaphwi, azilambalala.